Buku la Ndalama za Kuwerenga: Nyumba Ina ya ku Guangzhou, 2010 mpaka 2024

Nyumba imene ndikuiwerengera ndalama m'buku lino ndi yoyerekezera, koma mitengo ya makina ndi yeniyeni, monga inalembedwera pamene katunduyo ankafika m'masitolo a ku China. Pamene ndachita kuyerekeza kuchuluka kwa zogula, ndanena poyera. Nyumbayi ndaiika ku Guangzhou, mzinda womwe uja amalonda athu amakapikulako katundu. Mukukhala anthu anayi: bambo, mayi, mwana wamkazi wobadwa mu 2009, ndi agogo aakazi obala mayiwo, amene mwanayo amawaitana kuti Popo monga amachitira olankhula Chikantoni. Ndalama yawo ndi yuan, ndipo yuan imodzi ili ndi ma fen 100, monga kwacha ili ndi matambala 100. Mu 2024 dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi ma yuan 7 ndi kangachepe pamwamba. Mafoni sindinawalembe, chifukwa akanagulidwabe ngakhale m'nyumbamo mukanapanda wowerenga. Chakudya, lendi ndi magetsi zili m'buku lina. Muno muli zokhazo zimene zinatuluka m'thumba kuti anthu anayiwa awerenge.

Seputembala 2010. Bambook, makina owerengera mabuku, a bambo: 999 yuan.

Chaka chimenecho dzina lomveka pamsika linali Hanvon, kampani ya ku Beijing imene inali itangolowa kumene pamsika wa masheya wa ku Shenzhen mu Malichi. Makina ake ambiri ankadya ma yuan masauzande awiri kapena atatu, ndipo ochuluka ankagulidwa ngati mphatso zopatsana m'maofesi. Bambo ankangowayang'ana pagalasi la sitolo. Kenaka kampani ya Shanda inatulutsa Bambook pa mtengo wosafika chikwi. Sikuti inawachitira chifundo anthu. Phindu inkaliyembekezera pa nkhani zimene munthu azigula akakhala ndi makinawo, pakuti Shanda ndiyo inali mwini wa Qidian, malo a pa intaneti pamene alembi amaikapo nthano zazitali, mutu umodzi lero, wina mawa.

2010 mpaka 2019. Nthano khumi za pa Qidian, imodzi pa chaka: 900 yuan.

Qidian inayamba mu 2002, ndipo mu 2003 inayamba kulipiritsa owerenga ma fen 2 pa zilembo chikwi chilichonse. M'zaka zotsatira mtengo wakhala ukuyenda pakati pa 2 ndi 5, malinga ndi chaka komanso mtundu wa umembala. Bambo ndawawerengera pa 3. Mutu wa zilembo 3,000 ndiye kuti ndi ma fen 9, ndalama imene munthu ataiona pansi sangawerame n'komwe. Koma nthano za kumeneko sizitha msanga. Yofika zilembo 3 miliyoni si yachilendo, ndipo pofika kumapeto imakhala itadya 90 yuan. Bambo ankawerenga ali chiimire m'sitima ya pansi pa nthaka, dzanja lina litagwira chitsulo, lina likudina batani.

Mzere umenewu ndimaupatsa ulemu. Ndi malo amodzi m'buku lino pamene njira ya ndalama ikuoneka bwinobwino: wowerenga walipira mutu wa lero, gawo la ndalamayo lapita kwa munthu amene anaulemba dzulo usiku. Alembiwo amadziwa kufunika kwa ma fen amenewa. Pa 5 Meyi 2020 ena mwa iwo anagwirizana zosaika mutu watsopano tsiku limenelo, podandaula ndi mapangano a China Literature, kampani imene inatenga Qidian pamene nthambi ya mabuku ya Shanda inaphatikizidwa ndi ya Tencent mu 2015. Pofika nthawi imeneyo Bambook inali itagona kale m'dilowa, bambo akuwerengera pa foni.

17 Seputembala 2010. iPad yoyamba, 16GB, ya nyumba yonse: 3,988 yuan.

Limeneli ndi tsiku limene iPad inayamba kugulitsidwa mwalamulo ku China. Miyezi inayi m'mbuyo mwake, akuluakulu a Hanvon anali ataphwanya ndi nyundo apulo wosemedwa pa madzi oundana, chizindikiro cha opanga iPad, atolankhani akujambula. Mu 2011 Hanvon inaluza ndalama pafupifupi 500 miliyoni yuan. M'nyumba muno iPad inagwira ntchito ya mafilimu, zithunzi za mwana ndi timasewero. Mabuku amene anawerengedwapo mpaka kumapeto sakwana zala za dzanja limodzi. Pulogalamu yake yoyendetsera inaima pa iOS 5.1.1 mu 2012, ndipo pang'ono ndi pang'ono mapulogalamu atsopano anayamba kukana kulowamo.

2012. Buku lapepala, Huozhe, lolembedwa ndi Yu Hua: 20 yuan.

Anagula ndi mayi. Laikidwa pa shelefu ya pabalaza.

Juni 2013. Kindle Paperwhite, ya mayi: 849 yuan.

Amazon inatsegula sitolo ya mabuku a Kindle ku China mu Disembala 2012, ndipo makina ake anayamba kugulitsidwa pa 7 Juni 2013. Izi zisanachitike, okonda kuwerenga ankaitanitsa Kindle kuchokera kunja kudzera kwa amalonda a pa msika wa pa intaneti wa Taobao, n'kuikamo pulogalamu ya Duokan kuti zilembo za Chitchaina zizioneka bwino. Mayi anadikira kuti agule yokhala ndi lisiti.

Sikirini yake siili ngati ya foni. Mkati mwake muli timatumba tating'onoting'ono, kukula kwake ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, todzaza ndi madzi momwe mukuyandama tinthu toyera ndi takuda. Magetsi akadutsa, toyera timakwera pamwamba takuda n'kutsika, kapena mosinthana, ndipo chilembo chimaoneka. Chikaoneka chimakhala pomwepo osadyanso batire. Mphamvu imapita potembenuza tsamba ndi pa kanyali kounikira usiku basi, n'chifukwa chake mayi amatchaja kamodzi pa masabata angapo. Pakadutsa masamba angapo sikirini imaphethira, kuda bii kwa kamphindi n'kuyeranso, kuti ifufute zipsera za tsamba lakale. Padzuwa, pamene foni imachita khungu, iyo m'pamene imaoneka bwino.

Luso limeneli linabadwira ku yunivesite ya MIT ku America. Kampani yake, E Ink, inakhazikitsidwa mu 1997, ndipo mu 2009 inagulidwa ndi Prime View International ya ku Hsinchu ku Taiwan, imene ili m'banja la makampani a Yuen Foong Yu, opanga mapepala kuyambira kalekale. Mafakitale ake ena ali ku Yangzhou, m'chigawo cha Jiangsu. Kaya pa makina palembedwa Kindle, Kobo, Boox, iReader kapena Hanvon, pafupifupi onsewa sikirini amakaigula khomo limodzi. Gawo la 849 yuan ya mayi linawoloka nyanja kupita ku Hsinchu, ndipo gawo la makina ena onse a mtundu umenewu m'buku lino lapita komweko.

Amene anapindula kwambiri ndi makinawa si amene anawagula. Agogo anayamba sukulu boma lisanalamule zochepetsa mizere ya zilembo mu 1956. Chilembo chotanthauza buku anachiphunzira chili ndi mizere khumi, 書, pamene mdzukulu wawo amachilemba ndi mizere inayi, 书. Zonse ziwiri agogo amaziwerenga, koma maso akayamba kutha, chilembo cha Chitchaina chimavuta kuposa chathu, chifukwa mizere yake imaphatikana n'kusanduka kadontho kakuda. Kwa zaka zambiri ankawerenga nyuzi ndi galasi lokulitsira m'manja. Madzulo ena mayi anawaikira Kindle pamwendo. "Amayi, dinani apa." Agogo anadina, zilembo zinakula. Anadinanso, zinafika ngati nyemba, tsamba lonse n'kungotsala ndi mizere yowerengeka. Anakhala chete, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, chala chikudikira m'mphepete. Galasi lija linatsala patebulo mpaka nthawi yogona. Zimenezi zilibe mzere wa ndalama, koma ndazilemba kuti wina asaganize kuti buku lino likunyoza makinawa. Amene anaonapo nkhalamba ikuyambanso kuwerenga sangawanyoze.

Juni 2013. Kulowa mu Guangzhou Library yatsopano, ku Zhujiang New Town: 0 yuan.

Kuyambira 2011 malaibulale aboma ku China salipiritsa polowa. Agogo ndi mdzukulu amapitako Loweruka.

Juni 2013 mpaka Juni 2023. Mabuku 120 a m'sitolo ya Kindle: 1,198.80 yuan.

Ndayerekeza buku limodzi pa mwezi kwa miyezi 120, lililonse pa 9.99 yuan, mtengo umene unkaoneka kawirikawiri m'sitolomo. Ena ankatsika mpaka 0.99 pa tsiku lotchipitsa, ena ankakwera kuposa apo. Muli mabuku a mbiri yakale a agogo, muli Santi ya Liu Cixin imene inapambana mphoto ya Hugo mu 2015, muli otanthauziridwa kuchokera ku Chijapani ndi Chingerezi, muli a kaleredwe ka ana. Pa batani limene mayi ankadina panalembedwa mawu otanthauza kugula. Iwo anawamva mawuwo monga amawamvera akamagula mpunga.

2016 mpaka 2023. Kindle Unlimited, zaka zisanu ndi ziwiri pa 118 yuan pa chaka: 826 yuan.

Inafika ku China mu Febuluwale 2016, pa 12 yuan pa mwezi kapena 118 pa chaka. Munthu ankabwereka mabuku mpaka khumi pa nthawi imodzi, akafuna lina abweze kaye limodzi. Apa panalibe chobisika. Aliyense ankadziwa kuti ndi lendi.

Kumapeto kwa 2018. Kindle Paperwhite yatsopano, yosalowa madzi, ya mayi: 998 yuan.

Kunsi kwa sikirini ya makinawa kuli galasi lopyapyala kwambiri. Chikwama cha mayi chinapanikizika pakati pa anthu m'sitima ya m'mawa. Kunja sikunaoneke mng'alu, koma atatsegula Kindle ya 2013 ija anapeza theka la tsamba litauma, mizere yakuda ndi yotuwa itangoti gwa, osasinthanso ngakhale adine motani. Kusintha sikirini pa makina a zaka zisanu sikunali kwanzeru, choncho anagula atsopano. Analowetsa dzina la akaunti ndi nambala yachinsinsi, ndipo mabuku oposa 60 amene anali atagula anabwerera onse, lililonse litatseguka pa tsamba limene analisiyira. Mayi anakondwa kwambiri. Tsiku limenelo palibe amene anafunsa kuti mabukuwo anachokera kuti, kapena kuti mwini nyumba imene ankasungidwamo ndani.

2019. Kindle yotsika mtengo, yokhala ndi kanyali, ya bambo: 658 yuan.

Bambo anati akufuna kusiya nthano za pa foni kuti ayambe mabuku a zachuma. Anawerenga limodzi ndi theka.

Ku China Kindle inapatsidwa dzina lina: paomian gai, chivundikiro cha noodles. Noodles za m'kapu zimafuna madzi owira ndi mphindi zitatu, koma kachivundikiro kake ka pepala kamapindika ndi nthunzi ngati palibe chokapsinja. Kindle ya mainchesi 6 imakwana bwino pakamwa pa kapuyo, ndipo kulemera kwake n'kokwanira. Dzinali linafala mpaka chaka chomwecho ogulitsa Kindle eni ake anatulutsa chithunzi chotsatsa malonda choonetsa makinawo atavundikira noodles. Pa Xianyu, msika wa pa intaneti wa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, ma Kindle ooneka ngati atsopano anali mbwee. Ya bambo sinagulitsidwe. Inakhala pamwamba pa firiji.

Vuto silinali lakuti anthu sawerenga. Kafukufuku wa chaka ndi chaka wa Chinese Academy of Press and Publication anapeza kuti mu 2023, tikagawa mofanana, munthu wamkulu aliyense anawerenga mabuku apepala 4.75 ndi a pa makina 3.40, ndipo oposa atatu mwa anayi alionse amawerenga pa foni. Foni ili kale m'thumba. Ndi yomwe munthu amalipirira basi, amagulira ndiwo ndi kuyankhira abwana. Makina a ntchito imodzi yokha amafuna kuti munthu awakumbukire potuluka m'nyumba. Pa 18 Julayi 2019 Amazon inatseka msika wake wa katundu wa m'dzikomo, koma sitolo ya mabuku a Kindle inatsala yotsegula.

2019 mpaka lero. Nthano za pa Fanqie, za bambo ndi agogo: 0 yuan.

Fanqie ndi ya ByteDance, eni ake a Douyin ndi TikTok. Siilipiritsa. Pakati pa mitu imaika zotsatsa malonda, ndipo wowerenga akakhalitsa imamupatsa timakobiri ta pa sikirini tosinthika ndi ndalama zochepa. Kuyambira pano mzere wa 90 yuan pa chaka wafufutika. Bambo amati apulumutsa ndalama, ndipo m'buku lino zikuonekadi choncho. Chimene amalipira ndi nthawi yodikira kuti wotsatsa amalize kulankhula. Wolemba nayenso tsopano amadya kuchokera kwa otsatsa malonda, osatinso kuchokera kwa bambo mwachindunji. Agogo anapeza kuti pulogalamuyo imatha kuwerenga mokweza, ndipo amamvetsera akusadzula ndiwo.

Chaka Chatsopano cha 2020 chisanafike. Buku lochokera kwa azakhali a ku Taipei: 0 yuan.

Mlongo wawo wa bambo anakwatiwa ku Taipei. Kumeneko, monganso ku Hong Kong ndi ku Macau, amagwiritsabe ntchito zilembo zakale za mizere yambiri, pamene kumtunda kwa China, ku Singapore ndi ku Malaysia amalemba zochepetsedwa. Mabuku ambiri a nthano a ku Taiwan amasindikizidwa mizere yotsika kuchokera pamwamba, kuyambira kudzanja lamanja kupita kumanzere. Msika wawo uli ndi masitolo akeake. Readmoo inayamba mu 2012 n'kutulutsa makina ake a mooInk mu 2017, otha kusintha tsamba kuchoka pa mizere yotsika kupita pa yopingasa. Kobo, ya Rakuten, inalowa mu 2016. HyRead imabwereketsa mabuku kudzera m'malaibulale. Amazon inayamba kugulitsa mabuku a zilembo zakale mu Meyi 2019, m'sitolo yosiyana ndi ya kumtunda. Kumtundako buku silituluka popanda nambala yochokera kwa osindikiza ovomerezedwa ndi boma, choncho mashelefu a mbali ziwirizi safanana.

Azakhali anawerenga buku lina pa mooInk yawo, nafuna kuti agogo alione pakuti lili m'zilembo za ubwana wawo. Panalibe njira yolitumizira. Sitolo iliyonse imakhoma mafayilo ake ndi loko wakewake, ndipo buku la m'akaunti ya azakhali silitseguka pa Kindle ya mayi. Chilankhulo ndi chimodzi, sikirini zonse ziwiri n'zochokera khomo limodzi, koma buku silinawoloke. Azakhali anakagula lapepala n'kulitumiza pa positi. Ndalama zake zili m'buku la nyumba yawo.

2020. iPad ya mainchesi 10.2, 32GB, ya mwana: 2,499 yuan.

Tchuthi cha Chaka Chatsopano chitatha, sukulu sizinatsegulidwe chifukwa cha Covid-19. Maphunziro anasamukira pa intaneti, pa mapulogalamu monga DingTalk. iPad ya 2010 sikanatha kuwanyamula, foni ya mayi inali yofunika ku ntchito, ndipo matabuleti anasowa m'masitolo kwa masabata angapo. Inagulidwa itangopezeka.

2021. Tabuleti yophunzirira, iFlytek T10, ya mwana: 6,999 yuan.

Uwu ndiwo mzere waukulu kuposa yonse, ndipo ndi umene unakambidwa mwachidule kuposa yonse. Pa 24 Julayi 2021 boma linalengeza lamulo lotchedwa shuangjian, lochepetsa homuweki komanso loletsa makampani kupanga phindu pa maphunziro apadera a masamu, Chitchaina, Chingerezi ndi ena a m'kalasi, aja kwathu timati patitaimu. Makalasi amadzulo anatsekedwa. Mayeso sanatsekedwe. Mwana akafika zaka 15 amalemba zhongkao, mayeso amene amagamula ngati apite ku sekondale yokonzekera yunivesite kapena ku sukulu ya ntchito zamanja. Ndalama imene makolo ankapereka kwa mphunzitsi wa madzulo inayamba kupita ku makina otchedwa xuexiji, matabuleti okhala ndi maphunziro a silabasi, mafunso ndi pulogalamu yochonga mayankho, opanda masewero. iFlytek ya ku Hefei ndi BBK anali kale pamsikawo. Xueersi, Zuoyebang ndi Yuanfudao, amene kale ankaphunzitsa ana, anatulutsa makina awo pambuyo pake.

"Bambo a mwana, anzake onse m'kalasi ali nayo," anatero mayi. Bambo sanayankhe, anatsegula foni n'kulipira. Sindiwaweruza. Kholo limene likuona chitseko chikutsekeka patsogolo pa mwana wake siliwerenga ma yuan. Koma ndalemba mtengowu pafupi ndi 20 yuan ya 2012 kuti ziwiri zonsezi zioneke pamodzi.

Mu 2021 momwemo mwana anayamba kuvala magalasi. Ndalama zake zili m'buku la zachipatala. Si iye yekha: bungwe la boma loona zaumoyo, National Health Commission, linapeza kuti mu 2020 ana ndi achinyamata 52.7 pa 100 alionse sankaona bwino patali, ndipo m'makalasi omaliza a sekondale anali 80.5 pa 100. Ndondomeko ya boma ya mu Ogasiti 2018 inalangiza kuti mwana asapitirire mphindi 15 pa nthawi imodzi, kapena ola limodzi pa tsiku, akuyang'ana sikirini pa zinthu zosakhudza sukulu. Za sukulu zokha zinali zitapitirira kale pamenepo.

2 Juni 2022. Chidziwitso: 0 yuan.

Amazon inalengeza kuti yasiya kupereka ma Kindle kwa ogulitsa ku China kuyambira tsiku lomwelo. Inati sitolo ya mabuku idzatsekedwa pa 30 Juni 2023. Mabuku ogulidwa kale ankatheka kupanga dawunilodi mpaka pa 30 Juni 2024. Amene anagula makina kuyambira pa 1 Januwale 2022 ankatha kuwabweza n'kulandira ndalama zawo. Ma Kindle a nyumba ino onse anagulidwa tsikulo lisanafike. Zobwezedwa: 0 yuan. Kampaniyo inati sinachoke chifukwa chokakamizidwa ndi boma. Kuona kwanga, mizere ili pamwambayi ikufotokoza zambiri: foni m'thumba la aliyense, nthano zaulere, mabuku okopedwa mwakuba amene amayenda ponseponse, ndi makina amene salola sitolo ya wina kulowamo.

Pa 30 Juni 2023 mabuku khumi obwereka a Kindle Unlimited anatha ntchito. Amenewo mayi sanawadandaule. Khasu lobwereka silichedwa kuguluka, ndipo iwo ankadziwa kuti n'lobwereka.

Julayi 2023. Huawei MatePad Paper, mainchesi 10.3, yokhala ndi cholembera, ya mayi: 2,999 yuan.

Kindle itachoka, msika sunafe. Panali Boox ya kampani ya Onyx, ya mu Guangzhou momwemo, iReader ya Zhangyue ya ku Beijing, makina a Xiaomi, makope amagetsi a iFlytek olemba zokambidwa pamsonkhano, ndi Hanvon yomwe ija, itabwereranso. Panalinso a sikirini ya mitundu, yotchedwa Kaleido, imene inatuluka mu 2020 ndi mitundu 4,096 yooneka ngati yosuluka pang'ono. Ambiri mwa makinawa amalola munthu kuikamo pulogalamu ya sitolo iliyonse. Chimenecho ndicho mayi ankafuna: makina osamangidwa pa chikhomo chimodzi. Anasankha a Huawei, amene anatuluka mu Malichi 2022, chifukwa tsamba lake ndi lalikulu, labwino kwa agogo. Mabuku 120 aja satseguka pa makinawa.

Julayi 2023 mpaka Juni 2024. WeRead, miyezi 12 pa 19 yuan: 228 yuan.

Ndi pulogalamu yowerengera mabuku ya Tencent, inayamba mu 2015, ndipo imalumikizana ndi WeChat. Munthu amaona maola amene anzake awerenga sabata ino ndi mizere imene ena adula kunsi. Mabuku ambiri amene mayi anagula pa Kindle alimo. Akuwalipiranso kachiwiri, tsopano mwezi ndi mwezi, ndipo mwezi umene adzasiye kulipira adzatsekeka.

Juni 2024. Madzulo anayi a mayi: 0 yuan.

Mayi anatsitsa Kindle ya bambo pamwamba pa firiji, naipukuta mafuta ndi kansalu konyowa. Kumsana kwake kunali chizindikiro chozungulira cha pakamwa pa kapu. Batire inali itatheratu, ndipo anaisiya pa tchaja usiku wonse isanayake. Madzulo otsatira anaika ma Kindle awiri pa tebulo lodyera, kope ndi pensulo pambali. Ankadina chikuto cha buku, kudikira kuti kachizindikiro kaoneke pakona, kuchonga m'kope, kenaka kuchita chimodzimodzi pa makina achiwiri. Mabuku 120 kuwirikiza kawiri, kudina 240. Pa mabuku ena ankaima n'kutsegula. Lina linatseguka pa mzere umene anadula kunsi mu 2014, mwana ali ndi zaka zisanu, akudwala chifuwa. Mwanayo, amene sabata imeneyo ankakonzekera zhongkao, anatuluka kukamwa madzi n'kufunsa: "Amayi, si munagula kale amenewa?" Mayi anati, "Ndinagula." Napitiriza kudina.

Kuyambira pa 30 Juni 2024 mabukuwo ali m'makina awiriwo basi. Amawerengeka bwinobwino. Koma galasi lija likasweka ngati mu 2018, kapena batire ikafa, kapena wina akadina molakwika batani lofufuta zonse, palibenso kokawatenga. Agogo anauzidwa kuti Kindle ya mayi isamatulukenso m'nyumba. Ya bambo yakulungidwa m'nsalu, ili m'kabati pamodzi ndi mapasipoti.

Zonse pamodzi.

Makina asanu ndi atatu: 19,989 yuan.
Zowerenga, kuphatikiza zogula, zobwereka ndi buku lapepala lija: 3,172.80 yuan.
Zonse: 23,161.80 yuan.

Pa 100 yuan iliyonse, pafupifupi 86 inapita ku magalasi, mabatire ndi mapulasitiki, ndipo pafupifupi 14 inapita ku mawu. Pa 14 imeneyo sitolo inatapapo, wosindikiza anatapapo, wolemba n'kulandira zotsala. Wina anganene kuti ma iPad awiri ndi tabuleti ya mwana sizinali za kuwerenga kokha, ndipo akunena zoona. Tikazichotsa, makina owerengera okhaokha akutsala pa 6,503 yuan, kuwirikiza kawiri ndalama zonse za zowerenga za zaka 14.

Zimene zili m'nyumba lero.

Bambook: m'dilowa, siyaka. iPad ya 2010: imayaka, imaonetsa zithunzi za mwana ali khanda. Kindle ya 2013: inatayidwa. Kindle ya 2018: pa tebulo la agogo, mabuku 120. Kindle ya 2019: m'kabati, mabuku 120 omwewo. iPad ya 2020: ya mafilimu. Tabuleti yophunzirira: maphunziro ake akudikira kalasi yotsatira. MatePad Paper: m'chikwama cha mayi, m'kachikuto kolimba. Nthano khumi za bambo: zili m'akaunti ya Qidian, malinga akaunti ndi kampani zikhalepo. Huozhe ya 20 yuan: anaiwerenga mayi, bambo, agogo ndi galasi lawo lokulitsira, ndipo mu 2024 mwana. Msana wake wamatidwa ndi selotepi. Panopa ili kwa aneba a m'nyumba ya pamwamba, amene analonjeza kubweza akamaliza.

Inu amene mukuganiza zogula makina otere, kaya ku Guangzhou kaya kwina, gulani, makamaka ngati m'nyumba muli wina amene maso ayamba kumuvuta. Koma musanalipire buku, funsani ngati fayilo yake mungaikopere pa kompyuta yanu n'kuitsegula pa makina a kampani ina. Akakuuzani kuti sizitheka, ndalamayo muilembe pa mzere wa lendi.